Manja Alipo, Mwini Wake Kulibe

"Zimitsani bodza lanuli! Zimitsani ndisanaitane apolisi!"

Mayi Sajeni anali atangotsamira chitseko pamene mawuwo anamveka. Anayenda mofulumira koma osathamanga, chifukwa zaka makumi atatu za upolisi zinawaphunzitsa kuti wothamangira phokoso amafika alibe mpweya wofunsira mafunso. Tsopano anali atapuma ntchito ya boma ndipo ankalondera nyumba yoonetseramo zaluso. Dzina la Sajeni lokha ndi lomwe linakana kupuma.

Zaluso za m'nyumbamo chaka chimenecho sizinali zopachika pamsomali. Zonse zinkakhala pa intaneti, nyumbayo n'kungozibwereka khoma ndi mipando. M'chipinda choyamba munthu ankalemba liwu limodzi pakompyuta, liwulo n'kuphuka pakhoma ngati mtengo pakati pa nkhalango ya mawu a anthu akutali. M'chipinda chachiwiri munali matabuleti omangidwa ndi tcheni, ndipo chithunzi chinkasungunuka ukachikhudza. Alonda a malo otere amadziwika ndi mawu akuti "osagwira." Mayi Sajeni ankaswera kunena kuti, "Gwirani, bambo, sichiluma."

Koma chipinda chachitatu ndicho chinali pamtima pawo. Munali kamdima, kampando kafupi, ndi chitini cha tizidutswa ta chikopa kuti munthu anunkhize. Pakhoma lonse panali manja awiri, aakulu kuposa chitseko, akusoka nsapato. Nkhope sinkaoneka, mawu sankamveka. Anali manja a bambo wina wosoka nsapato kutsidya kwa tauni, amene aliyense ankawatchula kuti a Chidendene. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankamutcha Mzime poti ndi wotsiriza, anali kunja kwa dziko kusukulu ya zaluso. Iyeyo ndi amene anapachika kamera pamwamba pa tebulo la bambo ake kuti dziko lonse liziona pa intaneti zimene manjawo akuchita pa mphindi yomweyo. Koma wobwera m'chipindamo yekha ndi amene ankatha kucheza nawo. Ukadina batani, belu linkalira kushopu, dzanja n'kusiya singano kukupatsa moni. Ukaika nsapato yako pakathabwa kokhala ndi kakamera, a Chidendene ankaiona uko, n'kulemba ndi choko pasileti kuti "Bweretsani," kapena "Itayeni, yakutumikirani mokwanira."

M'mawa wa Lachitatu limenelo, pakati pa chipindacho panaima mayi wamtali, ambulera ikudontha m'manja.

"Apolisi afika kale, mayi," anatero Mayi Sajeni. "Chavuta n'chiyani?"

"Ndine mphunzitsi, ndipo sindikonda kunamizidwa. Choyamba: Lolemba la sabata yatha ndinasiya nsapato zanga kwa bambo amenewa. Chachiwiri: ndapitako kanayi, lero lomwe ndachokera komweko, ndipo pachitseko pali loko. Chachitatu," analoza pakhoma ndi ambulera, "si awa akusoka? Chikwangwani chanu chikuti zikuchitika pompano. Pompano pake pati?"

Mayi Sajeni anapita pabatani n'kudina kawiri motsatizana. Dzanja la pakhoma linasiya singano, linagwedezeka kupereka moni, n'kubwerera kuntchito.

Tsiku lotsegulira chionetserocho a Chidendene anabwera okha atavala suti yonunkha m'sutikesi, ndipo anacheza ndi Mayi Sajeni pakhomo mpaka kuiwala alendo olemekezeka. Potsanzika anati, "Inu muzidina kawiri, ndizidziwa kuti ndi boma." Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akadina kawiri, zala zinkawongoka n'kugundana, dzanja n'kukwera kukachita sawasha kuchipumi chosaonekacho. Koma kwa sabata tsopano sawashayo anali atasowa. Mayi Sajeni anangoganiza kuti bambowo atopa ndi nthabwalayo. Zinawapweteka ndithu, mwakuti sanauze aliyense.

"Mwati loko?" anafunsa motsitsa.

"Ndajambula. Onani."

Pafoni ya Aphunzitsiwo panali chitseko chabuluu, chamvulamvula, loko wamkulu ali lende. Pakhoma, manja anapitiriza kusoka.

* * *

Woyang'anira nyumbayo, amene antchito onse ankawatchula kuti Madamu, anali mayi wamng'ono thupi wa magalasi olendewera pachingwe. Akada nkhawa ankawavala n'kuwavula ngati akuwatentha.

"Aphunzitsi aja akuti akaika zithunzizo pa intaneti madzulo ano," anatero Madamu. "Mbiri ya nyumba ino, Mayi Sajeni! Anthu a m'maiko angati akhala akuonera chinyengo m'dzina lathu? Ndimuimbire Mzime. Ayi, ndiyambe apolisi. Ayi, Mzime."

"Mukamuuza chiyani mwanayo? Kuti bambo ake asowa koma manja tili nawo?"

Madamu anaika foni pansi.

"Lachisanu lino ndiye mayeso ake omaliza," anatero mofooka. "Zaka zitatu za sukulu."

"Ndiye ndipatseni mpaka folo koloko. Ikakwana ndisanapeze kanthu, imbani konse mukufuna. Makiyi a kachipinda ka makina amasunga ndani?"

"Ine ndi Fyuzi, wa makina uja."

"Lachiwiri la sabata yatha m'mawa munali kuti?"

Magalasi anagwera pachifuwa. "Mukundifunsa ine?"

"Posesa masitepe timayambira pamwamba, Madamu."

"Ndinali kumsonkhano mpaka masana, anthu khumi ndi awiri angachitire umboni. Ndipo ine ngakhale pulojekita sinditha kuyatsa, mukudziwa inu. Bwanji mwasankha Lachiwiri?"

"Ndi tsiku limene ndinaona chinachake chitasintha. Inu simunaone kalikonse?"

Madamu anaganiza. "Nditabwerako kumsonkhano ndinapeza kapepala pakathabwa ka nsapato kaja, kakuti kawonongeka. Fyuzi anati kakamera kapsa, china chikubwera. Mpaka lero chikubwerabe."

Mayi Sajeni anagwedeza mutu. Moni wa dzanja munthu angathe kuujambuliratu n'kumauonetsa batani likadinidwa. Koma yankho la pasileti silingajambulidwe pasadakhale, chifukwa nsapato iliyonse ili ndi matenda ake. Amene anapha kathabwako ankadziwa chimene akuchita.

* * *

Asanapite kwa Fyuzi, Mayi Sajeni anakhala kaye pakampando kafupi kaja, mawondo akudandaula. Mwamuna wina ndi mkazi wake analowa, anadina batani, anaseka dzanja litawapatsa moni, n'kutuluka atagwirana. Mayi Sajeni anangoti maso pakhoma phee.

Padenga mvula inali kuimba ng'oma. Patebulo la a Chidendene panagona kamzere ka dzuwa, kowala bwino, kodutsa pawindo. Ndipo m'manjamo munali kansapato ka mwana kokhala ndi chomangira chooneka ngati gulugufe. Kansapato kameneka anakaona kakumalizidwa dzulo. Anakaonanso kakumalizidwa Lachisanu.

Kachipinda ka makina kanali kuseri kwa khoma lomwelo, kotentha, kodzaza mawaya ndi timagetsi tophethira. Fyuzi, katswiri wa makina onse a m'nyumbamo, anali bambo wa zaka makumi anayi ndi mphambu, wonenepa, wosakwatira, sikuludiraiva ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala. Ataona yunifolomu pakhomo anakokera miyendo pansi pa tebulo.

"Fyuzi, mwana wanga, kunja kuli mvula. Bwanji kwa a Chidendene kuli dzuwa?"

"Ndi netiweki, Mayi Sajeni. Imachedwa."

"Imachedwa sabata yathunthu?"

"Mukudziwa, zithunzizi zimayamba zapita kuseva, seva ili kutsidya la nyanja, ndiye zikadzazana mumsewu wa mawaya, makamaka nyengo ya mvula ngati ino, chifukwa chinyezi..."

"Ukayamba kulankhula zimene sindimva, ndimadziwa kuti pali chimene ukufuna ndisamve. Lachiwiri lapitalo m'mawa unali kuti?"

"Kwa dokotala wa mano."

"Dzino liti?"

Fyuzi analoza tsaya lamanzere, kenako anasintha n'kuloza lamanja.

Mayi Sajeni anamuyang'anitsitsa. Maso ake anali ofiira, masaya atagwa pang'ono. Munthu ameneyu kale ankadyera nkhomaliro pakhomo, kuwagawira buledi ndi nkhani zosatha. Masiku ano belu la nkhomaliro likangolira ankasowa ngati utsi, kubwera thukuta lili kamukamu.

"Ukudziwa kuti shopu ya a Chidendene ndi yotseka?"

"Ayi... kaya. Mwina amasokera m'kati atadzitsekera."

"Ndi loko wa kunja?"

Foni ya Fyuzi inalira patebulo. Anaiphimba ndi chikhatho msangamsanga ngati wagwira chiwala, n'kuidula asanaione n'komwe.

"Yankha, sindikuletsa."

"Ndi olakwitsa nambala," anatero Fyuzi, foniyo ikuyambanso kulira pansi pa dzanja lake.

* * *

Basi inawatsitsa Mayi Sajeni kutsidya kwa tauni mvula itasanduka yowaza. Shopu ya a Chidendene inali yopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo yogulitsa utoto. Mayi Sajeni anapukuta galasi la windo ndi mkono wa juzi n'kusuzumira. Tebulo analizindikira nthawi yomweyo, ngakhale linali laling'ono modabwitsa kwa munthu wozolowera kuliona pakhoma. Pamwamba pake panatsala mabowo anayi pamene panali kamera. Belu panalibe. Mpando unali chagada, hamala ili pansi pafupi ndi chitseko.

"Apa pafa munthu, mayi! Ine ndakhala ndikunena!"

Anali wometa wa khomo loyandikana, kamunthu kowonda, sizasi m'dzanja, kasitomala atamusiya pampando mutu uli theka.

"Munaona mtembo?"

"Mtembo ayi, koma mtima wanga unaona. Lolemba madzulo madalawa anatseka bwinobwino, tinatsanzikana, anandinyoza kuti mpando wanga ukulira ngati mbuzi. Lachiwiri ndafika teni koloko, chifukwa ine sinditsegula m'mamawa, mutu wa munthu sumera tsitsi usiku umodzi, ndapeza chitseko chili pululu, mpando uli chagada, munthu palibe! Ndinangokoka chitsekocho. Ndiye Lachitatu kwabwera chimunthu."

"Chimunthu chotani?"

"Chimimba kutsogolo, katoni m'manja. Chamasula kamera, chamasula belu, chatenga nsapato za makasitomala, masingano, mpaka chitini cha ulusi. Chatseka ndi makiyi a madala omwe! Ndachifunsa, chikuti madala apita kumudzi. Kumudzi kuti? Munthu anabadwira kuseri kwa msewu womwe uno!"

"Mwati ulusi?"

"Wobiriwira uja. Tauni yonse ino amasokera ulusi umenewo ndi iwo okha. Amati nsapato ikadutsa mumsewu azidziwa kuti ndi mwana wawo."

Mayi Sajeni anasuzumiranso pawindo. Wakuba kamera amamveka. Koma pa zaka zawo zonse sanagwirepo mbala yoba ulusi.

"Bwanji simunapite kupolisi?"

Wometayo anayang'ana sizasi yake. "Ndimati ndipita mawa. Mukudziwa, wopita kukanena ndi amene amayamba kufunsidwa."

"Nkhope ya munthuyo mungaikumbukire?"

"Ine nkhope sindisunga, mayi, ndimasunga mitu. Mundifunse nkhongo. Pamene chimawerama kumasula kamera ndinachiona bwino: mapindo atatu pankhongo, kadazi kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo, ndipo kumanzere anachimeta mokweza kuposa kumanja. Amadzimeta yekha ameneyo, palibe wometa angachite zauve zotero."

"Abale, mutu wangawu!" anakuwa kasitomala m'katimo.

Mayi Sajeni anathokoza n'kutembenuka. Nkhongo imeneyo ankaiona tsiku ndi tsiku, itawerama pamawaya.

* * *

Anafika kunyumba ya zaluso nthawi itadutsa thu koloko. Anayamba aima pageti n'kutsegula buku lolembamo magalimoto otuluka ndi olowa. Lachiwiri la sabata yatha, galimoto ya ntchito inatuluka mphindi khumi itadutsa eyiti, nyumbayo isanatsegulidwe, ndipo inabwera wani koloko. Woyendetsa: Fyuzi. Chifukwa: kukagula mawaya. Zilembozo zinali zokhotakhota ngati za munthu wolemba akuthamanga.

Anamupeza Fyuzi ali chiimire m'kachipinda kake, akulongedza chikwama. Analowa n'kutseka chitseko.

"Kwa ine unati mano. M'buku unalemba mawaya. Kwa wometa unati kumudzi. Bodza limafuna munthu wa mutu wabwino, Fyuzi, ndipo iwe mutu wako ndi wa makina basi."

"Mayi Sajeni, ine..."

"Vula nsapato."

"Pepani?"

"Yakumanja. Vula."

Nsapato imeneyo inali yotchuka m'nyumba monse. Inkayasama kutsogolo ngati ng'ona, ndipo tsiku limene Fyuzi ankayesa kathabwa kaja koyamba, a Chidendene analemba pasileti kuti, "Iyi ikufuna m'busa, osati ine." Antchito anaseka sabata yonse.

Fyuzi anavula pang'onopang'ono n'kuipereka. Kukamwa kwa ng'ona kuja kunali kosokedwa ndi ulusi wobiriwira, watsopano, wosadetsedwa ndi matope n'komwe.

Mayi Sajeni anaiyandikitsa kugetsi. "Miyezi itatu ndakhala ndikuona manja aja ali aakulu kuposa chitseko. Ulusi wawo umayenda ngati asilikali paperete. Uwu ukuyenda ngati anthu ochokera ku mowa. Koma mfundo yomalizirayi, yopinda kawiri n'kubisa mchira, ndi yawo. Palibe wina." Anaika nsapatoyo patebulo. "Nsapato iyi yasokedwa dzulo kapena dzana. Ndiuze chimodzi chokha. Ali moyo?"

Fyuzi anakhala pakatoni ya mawaya, phazi limodzi lili ndi sokosi yobooka, n'kuyamba kulira ngati mwana, mapewa akugwedezeka.

"Ali moyo."

"Ali kuti?"

"Pabedi panga."

* * *

Nkhani yonse Fyuzi anaifotokoza ali pachiwongolero, akupita nawo kunyumba kwake. M'mawa uliwonse, alendo asanalowe, Fyuzi ankayatsa makina n'kuona ngati chithunzi chikufika bwino. Lachiwiri limenelo anaona dzanja lamanja likukweza hamala, hamalayo n'kupulumuka. Dzanjalo linagwa patebulo, linayesa kudzuka, linakanika, kenako linatsetsereka n'kuchoka pachithunzi.

"M'dziko lonse lapansi, Mayi Sajeni, nthawi imeneyo woonera ndinali ndekha. Makina amasonyeza. Munthu mmodzi, ine."

Anathamanga ndi galimoto, anawapeza ali pansi, anawanyamula pamsana mpaka kuchipatala. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo akanachedwa ola limodzi bwenzi nkhani ili ina. Atangoyamba kulankhula, a Chidendene anamugwira malaya ndi dzanja lamanzere n'kumulumbiritsa kuti Mzime asamve kufikira mayeso atatha. Mzime ankatsegula tsamba la pa intaneti la chionetserocho m'mawa uliwonse kuti aone manja a bambo ake asanapite m'kalasi. Choncho Fyuzi anatenga zimene makina anasunga masabata apitawo, anazilumikiza, n'kukonza kuti batani likadinidwa pazibwera moni wojambulidwa kale. Atawatulutsa m'chipatala, kunyumba kwawo kunalibe wowasamala, mayi a Mzime anamwalira kalekale. Anangowatengera kwake.

"Ukudziwa kuti ntchito ikhoza kukuthera?"

"Ndikudziwa. Koma mukanakhala inu, munthu akukugwirani malaya choncho, mukanatani?"

Mayi Sajeni anangoyang'ana kunja kwa windo.

Nyumba ya Fyuzi inali ya zipinda ziwiri. Pabalaza panali bulangete lopindidwa pasofa, pamene mwini nyumba ankagona tsopano. Pafupi ndi windo panali tebulo, pamwamba pake kamera ija itapachikidwa bwinobwino koma yozimitsa. Ndipo patebulopo panakhala a Chidendene, atavala juzi ya Fyuzi yowakulira kawiri. Nsapato yachikazi anaipana ndi mawondo, singano ili kudzanja lamanzere. Lamanja linagona patebulo ngati mlendo wosadziwa chochita.

Anakweza maso. Mlomo unali utakhotera mbali imodzi, koma maso anali omwe aja a tsiku la suti.

"Boma lafika," anatero, mawu akutuluka molemera. "Ndinakuuza, Fyuzi, kuti onse tiwapusitsa koma awa ayi."

"Mwandisowetsa mtendere, bambo inu," anatero Mayi Sajeni. Anafuna kukalipa, koma anapezeka akukoka mpando n'kukhala pafupi. "Ndimayesa mwandikwiyira."

"Ine kukwiyira boma? Ndili ndi mitu ingati?" Anayesa kuseka. "Musamumange mwanayu. Wolakwa ndine. Iyeyu wangondisambitsa, kundidyetsa ndi supuni, kundinyamula kupita kuchimbudzi. Ndimati dzanjali likangodzuka tiyatse kamera pompano, pasakhale wodziwa. Ndikuliphunzitsa lamanzereli, koma ndi mbuli."

"Nsapato imeneyo ndi ya aphunzitsi ena aatali?"

"Yomweyo. Sabata yathunthu chidendene chimodzi."

"Eni akewo ajambula loko wa pashopu panu. Madzulo ano zithunzi zikhala pa intaneti. Folo koloko Madamu aimbira apolisi, kenako Mzime."

Singano inagwa pansi.

"Ayi. Ayi, mayi. Masiku awiri okha. Mwana wavutika zaka zitatu, kuzizira, njala, chilankhulo cha eni ake. Akamva akwera ndege mawa, ndikumudziwa. Ndimuphere sukulu chifukwa cha dzanja limodzi?"

"Kumva amva lero, zimenezo zatha kale. Chatsala n'chakuti amve kwa ndani. Amve kwa anthu a pa intaneti kuti bambo ake asowa ndipo shopu yathyoledwa? Kapena amve mawu anu, okhota choncho, mukumuuza kuti muli moyo ndipo mwadya?" Anatola singano ija n'kuibaya pa juzi yawo kuti isasowe. "Ndagogodapo pamakomo ambiri ndi uthenga woipa, bambo. Amene ankandipweteka kwambiri ndi aja ofunsa kuti, bwanji sanandiuze yekha?"

A Chidendene anayang'ana dzanja lawo logonalo nthawi yaitali. Wotchi ya pakhoma inkasonyeza kuti kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane folo koloko.

"Fyuzi," anatero potsiriza, "bweretsa foni ija ndakhala ndikukuvutitsa nayo."

Mayi Sajeni anatuluka kaye pakhonde kukaimbira Madamu. Anawauza mwachidule kuti munthu wapezeka, ali moyo, apolisi asavutitsidwe, ndipo Aphunzitsi auzidwe zoona zonse. Madamu anangoti "Ambuye!" katatu, kenako anati za Fyuzi akambirana mawa. Kamvekedwe kake sikanali ka munthu wofuna kuchotsa wina ntchito.

Atabwerera m'nyumba anapeza foni ili patebulo, mawu a Mzime akumveka chipinda chonse. Anali atalira kale, tsopano anali pa ukali.

"Masiku asanu ndi atatu, bambo! Ine m'mawa uliwonse kumwetulira ndi kanema wakale ngati chitsiru! Ndikubwera mawa."

"Ukabwera mawa ndikuthamangitsa ndi dzanja lomwe latsalali," anatero a Chidendene. "Ulembe mayeso Lachisanu. Loweruka ubwere udzandikalipire bwino uli ndi satifiketi."

"Mukumva mmene mukulankhulira? Mukuti ndikhale pansi ndizilemba?"

"Ndikulankhula mokhota koma ndikunena zowongoka. Dokotala wati choopsa chadutsa. Boma lili pompano, lifunse."

"Ndi zoona, mwanawe," anatero Mayi Sajeni. "Ndine mlonda wa kuchionetsero chako. Ndawaona ndi maso anga. Akudya, akunyoza anthu. Ndizibwera tsiku lililonse ndikaweruka, ndipo ndizikuuza zoona zokhazokha, zokoma ndi zowawa zomwe."

Kunamveka kufwenthera.

"Chabwino. Loweruka," anatero Mzime. "Koma kanema uja azimitsidwe lero. Muyatse kamera pamene mulipo."

"Anthu aone chiyani, mwanangu? Dzanja lakufa?"

"Aone manja a bambo anga mmene alili. Pachikwangwani sindinalembe kuti manja amphamvu ine. Likanjenjemera, linjenjemere. Mukatopa, aone tebulo." Anapuma. "Akukusambitsani ndani?"

"Fyuzi."

"Kuphika?"

"Fyuzi. Amapsereza, koma amaphika."

"Mupatseni foni."

Fyuzi anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, akupukusa mutu. Mayi Sajeni anatola foniyo n'kumuika m'manja, n'kumupinda zala kuti aigwire.

"Halo," anatero Fyuzi ndi mawu a munthu woyembekeza chigamulo.

Ndipo chigamulo chinabwera. Mzime anamuuza kuti ndi wabodza, kuti anawononga ntchito yake ya zaka zitatu, kuti anamunamiza iye pamodzi ndi dziko lonse, kuti akafika Loweruka adzamuona. Fyuzi ankangoti, "Inde, mayi. Zoona, mayi. Pepani, mayi," thukuta likutsika m'masaya.

"Ndipo musiye kunditi mayi," anatero Mzime, mawu akusweka. "Munthu amene wanyamula bambo anga pamsana sanganditi mayi. Mwamva, achimwene?"

Fyuzi anatsitsa foniyo. Anayang'ana Mayi Sajeni, anayang'ana a Chidendene.

"Yankha, iwe," anatero a Chidendene. "Mlongo wako akulankhula."